Mwana wa Achemwali

Thumba la Evelina linang'ambika pa siteji ya Chemusa, zitsekerero za mabotolo n'kumwazika mumsewu monse. Anyamata oitanira minibasi anafa nacho chiseko.

"Sisi, mwayamba kutola zinyalala? Mutu ukuyenda bwinobwino?"

Evelina anagwada n'kuyamba kutola, manyazi atamugwira. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke. Anali bambo wamtali, wovala ovolosi yabuluu, ndipo anadzanjuta pambali pake n'kumatola nawo.

"Asiyeni awa. Koma ndifunse nawo, zimenezi n'zantchito yanji?"

"Ndimapangira zithunzi," anayankha Evelina. "Ndimamata zitsekerero, zigamba za nsalu ndi mawaya pa thabwa, kenako n'kupaka penti. Loweruka ndimaphunzitsa achinyamata muholo ya tchalitchi ku Chilomoni."

"Ine ndine Rafaeli, ndimakonza mafiriji. Mawaya otha ntchito angodzaza kushopu. Ndikupatsani, bola nanunso mundipatse nambala."

Evelina anaseka, nambala n'kupereka. Akanadziwa!

Loweruka lotsatira Rafaeli anatulukira kuholo atanyamula katoni ya mawaya. Pambuyo pake panali mtsikana wa Fomu 1, wowonda, maso ali pansi. Mtsikanayo atalowa mkati, Rafaeli anatsitsa mawu.

"Ameneyu ndi Sophie, mwana wa achemwali anga. Iwo anapita ku Joni kukagwira ntchito. Amanditchula adadi poti ndamulera ndine. Chichokereni mayi ake sayankhulayankhula. Mwina kuno angamasuke."

Mtima wa Evelina unasungunuka. Mwamuna wolera mwana wa mlongo wake chonchi, angapezeke kuti masiku ano?

Poyamba Sophie ankangokhala pakona, anzake akulimbirana guluu ndi sizasi. Evelina sanamukakamize. Ankangomuikira thabwa patsogolo n'kuchokapo. Tsiku lina anapeza mwanayo atapinda mawaya n'kupanga phiri la Michiru, nyumba za makatoni zitakangamira m'mbali mwake.

"Sophie! Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe, madamu. Ndimangoona mmene mumachitira inu."

Kuyambira pamenepo, Sophie ndiye ankayamba kufika, n'kukhalanso wotsiriza kuchoka.

Nayo foni ya Evelina sinkapuma ndi mauthenga a Rafaeli.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Manja ako apenti aja ndawasowa."

"Switi wanga, zimene anthu amataya, iwe umatola n'kukongoletsa. Nanenso unanditola."

Anagwirizana kuti ana asadziwe kanthu. Evelina ndiye anapempha zimenezo, sankafuna kusakaniza chibwenzi ndi kalasi. Ankakumana m'tauni, kudya tchipisi, kenako Rafaeli n'kumuperekeza ku siteji.

Mnzake wa Evelina, Annie, sanakhutire.

"Iwe, kunyumba kwake ku Machinjiri unafikako?"

"Akuti mwana angadabwe."

"Nanga mwanayo unamufunsako za amalume akewo?"

"Aaa, Annie, ndizifufuza chibwenzi kudzera mwa mwana wasukulu? Ayi."

Madzulo ake anamutumizirabe Rafaeli uthenga womufunsa za tsogolo lawo. Yankho linabwera msanga.

"Wapamtima, achemwali ndinawauza kale za iwe, ndipo akondwa. Akangobwera ku Joni, tipanga chinkhoswe. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, mkazi wanga ndiwe basi."

Evelina anawerenga uthengawo mobwerezabwereza mpaka anauloweza.

Chaka chikupita kumapeto, anawo anakonza chionetsero cha ntchito zawo. Sophie anabweretsa chitenje chakale chimene mayi ake anasiya. Anachidula tizidutswa n'kupanga nkhope ya mayi womwetulira, ndolo zake za zitsekerero, tsitsi la mawaya akuda. Aliyense wolowa muholo ankaima pamenepo.

M'mawa wa tsikulo Rafaeli analemba kuti, "Bebi pepa, ntchito yandipanikiza, sindibwera." Evelina anakhumudwa, koma makolo anali atayamba kale kudzaza.

Mwadzidzidzi anamva kukuwa.

"Madamu! Madamu! Amayi abwera! Afika dzulo osatiuza!"

Sophie ankakoka dzanja la mayi wina wooneka wotopa ndi ulendo, koma nkhope yake inali yomwe ija ya pachithunzi. Evelina anathamanga n'kuwakumbatira.

"Takulandirani alamu anga! Achimwene anu amakukambani kwambiri."

Mayiwo anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Achimwene anga ati?"

"A Rafaeli."

"Rafaeli?" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Rafaeli ndi mwamuna wanga, mayi. Tinadalitsa ukwati kutchalitchi kwathu ku Nsanje. Uyu ndi mwana wathu woyamba. Inu mukuti alamu, alamu ake ati?"

Anthu oyandikira anasiya kuona zithunzi.

Mayiwo sanakalipe. Misozi inangolengeza m'maso.

"Ine kukolopa m'nyumba za eni kuti banja lidye, kuno zili chonchi? Tiye, Sophie."

Foni inalira Evelina asanakhale n'komwe pansi. Anali Rafaeli, nkhani itamufika kale.

"Duwa langa, ndimvetsere kaye. Ndinkaopa kukutaya. Iwe ndi amene ndimakukonda."

Evelina anadula foni n'kutseka nambalayo. Analira sabata yonse. Bwanji sanamumvere Annie? Bwanji sanafunse ngakhale funso limodzi?

Loweruka linafika, ana anabwera, Sophie osaoneka. Linanso chimodzimodzi. Evelina ankaphunzitsa maso ali kukhomo.

Kenako tsiku lina, anzake onse atapita, Sophie anaima pakhomo. Sanalowe.

"Madamu, ndabwera kudzatenga chithunzi cha amayi. Tikupita ku Nsanje, kwa agogo. Adadi atsala."

Evelina anachitsitsa pakhoma n'kumupatsa.

"Sophie, ndikhululukire. Sindinkadziwa, Mulungu ndi mboni."

"Amayi anatero nawonso, akuti adadi anakunamizani." Mwanayo anakumbatira thabwalo pachifuwa. "Koma ndifunse. Muja munkati ndili ndi luso, munkanena zoona, kapena munkangofuna kusangalatsa adadi?"

"Zoona zokhazokha, mwana wanga! Luso ngati lako sindinalionepo. Chonde usadzasiye."

Sophie anamuyang'ana, maso atafiira.

"Ndikanakonda ndikanakukhulupirirani, madamu."

Anatembenuka n'kumatsetsereka ndi njira ya ku siteji. Evelina anamuitana kawiri, koma mwanayo sanacheuke.