Zigoli za Wobwereka

Timu yathu italengeza kuti yabwereka womwetsa zigoli kwa chaka chimodzi, munthuyo anafika ndi chikwama chimodzi choduka zipi. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Kale dzina lake silinkachoka pa wailesi, koma timu yake inatopa naye n'kumutayira kwa ife ngati mpando wothyoka mwendo. Anamupezera kachipinda kuseri kwa sitolo ya penti. Munali bedi, mbaula ndi msomali wokolekapo jezi. Mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi anawasiya kutali kwa apongozi, chifukwa anthu atatu sakanakwanamo.

Masapota sitinamulandire. "Tinapempha womwetsa zigoli, atibweretsera agogo," ankatero ena. "Kodi ndodo yoyendera abwereka nayo limodzi?" Dzina lake tinalitaya, tinkangoti Wobwereka. Ine ndinali woimba ng'oma kuseri kwa golo, masiku ena ndinkawotcherera zitsulo, ndipo nyimbo yomunyoza ndinapeka ndine. Masewero asanu ndi awiri anadutsa asanagoletse. Akaweruka kokonzekera masewero, anzake ankakwera magalimoto awo, iye n'kumayenda wapansi nsapato zili pakhosi, akuyang'ana fumbi lawo mpaka litatha.

Tsiku lina anabwera pamalo anga a ntchito atasenza chitsulo cha bedi chothyoka. Anandizindikira.

"Ndinu a ng'oma aja. Nyimbo ija ndi yokoma, kungoti mwana wanga anaimva pa wailesi."

Iye anakhala pa chitini cha penti n'kupitiriza. "Achimwene, ndamwetsa zigoli zaka zonsezi, ndilibe ngakhale chitseko changachanga. Ana aja angoyamba dzulo, ali ndi nyumba. Ndikalephera kuno, basi kwanga kwatha."

Ndinamuuza kuti ndikudziwa sing'anga wina. Sichinali chifundo ayi. Ndinkafuna chikho, komanso ndinkati akakwera adzandikumbukira.

Sing'angayo ankakhala m'chipinda chapamwamba pa malo omatira matayala. Tinapita m'mawa. Tinamupeza atavala malaya ositidwa bwino, akusenda lalanje.

"Mukufuna zigoli kapena chuma?" anafunsa.

"Kwa ine n'chimodzimodzi," anayankha Wobwereka.

"Nonse mumatero."

Anatenga nsapato yakumanzere, n'kuing'amba mkati, n'kuikamo kanthu kokulunga ndi ulusi wakuda. Akusoka anati, "Chizimba chake n'chopepuka. Mbuzi sindifuna. Mukagoletsa, munthu woyamba kukukhudzani mokondwa mpira usanayambenso pakati, ameneyo ndi wanga. Adani anu akukhudzeni mmene angafunire, amenewo ndi owawa. Ine ndimadya okukondani."

"Wanu bwanji?"

"Mwamva."

"Nanga akapanda kundikhudza aliyense?"

"Ndiye kuti mwadya zaulere. Si ndinu wothamanga inu?" Anaseka, kenaka anandiloza ndi mpeni wosendera uja. "Inu a ng'oma mwamva nawo. Pakamwa panupo pakatseguka, ndiyamba ndi inu."

Loweruka la sabata yomweyo Wobwereka anagoletsa chigoli chokongola, mpira sunagunde pansi. Chimwemwe chinamuiwalitsa. Wosewera kuphiko lakumanja, yemwe tinkamutcha Njinga chifukwa cha liwiro, anamulumphira kumsana akuseka. Lachitatu miyendo ya Njinga inatupa. Madokotala sanapeze kanthu. Sabata yotsatira tinakamuika, ine ndikuimba ng'oma pang'onopang'ono kutsogolo kwa bokosi.

Kuyambira pamenepo, Wobwereka akagoletsa ankathawira kukona, manja atatambasula, akukuwa kuti, "Musandikhudze! Musandikhudze!" Masapota anati ndi sitayilo. Omwe aja ankamutcha agogo anayamba kuvala malaya olembedwa mawuwo. "Tinanena ife, mpira umafuna akuluakulu!" ankatero pomwera tiyi, ngati kuti sindinawamve dzana. Kampani ina inamupatsa galimoto. Nkhope yake inaikidwa pa zikwangwani za sopo. Anasamukira m'nyumba ya mpanda ndi zipinda zinayi. Ine anandigulira makina atsopano owotcherera, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

Koma imfa ya Njinga inkamudya. Anawotcha nsapato ija, n'kundipempha kuti tibwerere kwa sing'anga akamasule zonse.

"Nsapato inali mbale chabe," anatero sing'angayo. "Chakudyacho chinalowa kale m'mwendo. Komanso mukundibera, bambo. Zigoli khumi, ine ndadya kamodzi."

"Munati ndikathawa ndadya zaulere."

"Ndinatero. Ndiye thawani kwambiri. Kuyambira lero, mukagoletsa, nthawi yanga ikufika mpaka wezulo woyamba wa masewero otsatira."

Ndiye taganizani, munthu ankagoletsa sabata iliyonse. Anayesa kuphonya, mwendo unkakana. Moti panalibenso tsiku loti wina n'kumugwira dzanja. M'basi ya timu ankakhala yekha kumbuyo. Anzake ankati chuma chamupatsa matama. Wantchito wophika anamuchotsa, chakudya ankaitanitsa n'kumauza wobweretsayo kuti achisiye pageti. Ine ndikapita kukamuona tinkacheza iye ali mkati, ine kunja, zitsulo za geti zili pakati pathu.

Tsiku lina ndili pomwepo mkazi wake anaimba foni, iye n'kuika poti ndimve.

"Bambo a mwana, nyumba mwapeza, galimoto mwapeza. Ife tikubwera liti?"

"Dikirani pang'ono, mayi."

"Pang'ono pakeponso! Kapena mwapeza wina wokuchapirani majezi? Mwanayu akufunsa ngati bambo ake amakhala m'chikwangwani."

Atadula foni anakhala pansi pa simenti. "Zipinda zinayi, achimwene, ndimalankhula ndi makoma. Masewero omaliza ndikapanda kugoletsa, ndamasuka. Wezulo woyamba akalira ndili mfulu, ndiye ndingopirira mpaka womaliza. Kenaka mpira ndausiya, ndikupita kwa ana anga."

Mphekesera yoti sakufuna kusaina kuti akhale wathu mpaka kalekale inafika kwa masapota. Komiti yathu ya masapota inakumana. Wapampando anati, "Munthu wasowa banja uyu. Tiwatengere mayiwo mwachinsinsi, adzaonere masewero omaliza. Akaona mmene timamukondera mwamuna wawo, adzamuuza okha kuti asaine." Onse anaomba m'manja. Ine ndinali pamsonkhanowo. Ndinakumbukira mpeni wa lalanje uja, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinadzinamiza kuti poti sagoletsa, palibe choopsa. Anatuma ine amene kukawalandira kokwerera basi.

Anali mayi wamfupi, wansangala, atagwira mwana padzanja. "Ndinu a ng'oma? Amakutchulani kwambiri. Akuti kuno mnzawo ndinu nokha."

Tsiku la masewerowo tinawakhazika pafupi ndi kageti ka mpanda wa bwalo, cha kukona.

Tsikulo tinkafunika kupambana kuti titenge chikho. Wobwereka ankathawa mpira poyera. Ukapita kumanja, iye kumanzere. Anthu anayamba kulusa. "Wagulidwa ameneyo! Ukalamba wamubwerera!" Anandikuwira kuti ndiimbe ng'oma, ndipo ndinaimba. Kutatsala mphindi imodzi tinapeza kona. Iye anaima kutali ndi golo, n'kutembenuka kupereka msana. Goloboyi wa timu inayo anaumenya mpira ndi nkhonya, unakagunda Wobwereka pankhongo, n'kubwerera mokwera mpaka muukonde.

Bwalo linaphulika. Iye anathamangira kukona monga mwa masiku onse, osewera anzake akumusiya poti anazolowera. Wapampando anatsegula kageti kaja. "Thamangani mayi, mwamuna wanu uyo!"

Ndinali pafupi, mapazi khumi okha. Mawu amodzi akanakwana. Ndinangogwira ndodo ya ng'oma.

Wobwereka anawaona mochedwa. Anakuwa mawu ake aja, koma mayiwo anali atawaona pa malaya a anthu bwalo lonse, ankadziwa kuti ndi masewera a mwamuna wawo. Anaseka, n'kumukumbatira m'chiuno. Iye anaima chilili, manja ali m'mwamba. Kenaka anawatsitsa pang'onopang'ono, n'kuwagwira mkazi wake mwamphamvu, nkhope ataibisa paphewa pawo. Anthu anaimba nthungululu poganiza kuti akulira ndi chimwemwe.

Mayiwo anamwalira patatha masiku anayi, miyendo itatupa. Mwana anatengedwa ndi agogo ake. Sing'anga uja tinapeza atasamuka, m'chipindamo muli matayala akale. Ine ndakhala chete zaka zambiri chifukwa choopa kufa. Lero ndanena, chobwera chibwere.

Wobwereka sanasewerenso. Nyumba anaisiya chitsegulire, anthu anazula mpaka mawindo. Masiku ano amazungulira khoma la bwalo lathu, ndevu zili mbuu, manja atawapana m'khwapa. Munthu akamamuyandikira, iye amapatukira mumsewu, magalimoto n'kumamuimbira mabelu. Masapota atsopano sadziwa kuti chikho chili mu ofesi ya timu chija anabweretsa ndi iyeyo. Ndimamusiyira chakudya pamwala. Amadikira ndichoke kaye, ndipo sanandiyang'anepo kumaso.

Inu amene mukuona kuti anzanu akukusiyani m'mbuyo, musapite kumene tinapita ife. Munthu uja ali m'kachipinda kuseri kwa sitolo anali wosauka, koma akanatha kukwera basi tsiku lililonse n'kukanyamula mwana wake. Dyera la chuma chamsangamsanga linamulanda zimenezo, ndipo dyera langa la chikho ndi makina ndi limene linamuperekeza. Wokupatsani chuma cha mankhwala safuna zimene mulibe. Amatenga anthu amene muli nawo kale.