Nyimbo Yoimbidwa Kamodzi Pachaka

Tijana anakumana ndi Ognjen pasiteji ya basi, tsiku lina mphepo ya mumzinda uno wa Niš ikuluma makutu. Anali atangoweruka ku bekale kumene ankagulitsa bureki, zitumbuwa zathu za nyama kapena tchizi mkati, tsitsi likununkha mafuta, miyendo ili lende. Pambali pake panaima mnyamata wamtali, wa mphuno ngati chogwirira ketulo, atavala malaya olembedwa kuti Sivi Voz.

"Pepani chemwali, khutu lanu limodzi lili ndi ntchito?"

Tijana anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mundibwereke pang'ono chabe. Ndikufuna munthu wondiuza ngati ndapenga."

Asanayankhe n'komwe, kachingwe komvera nyimbo kanali kale m'khutu mwake. Mtima unagunda kuti thi! Gitala ya besi imene inkalira mmenemo ankaidziwa ngati mmene mwana amadziwira kutsokomola kwa bambo ake. Ndipo inalidi ya bambo ake.

Ndani kuno sadziwa gulu la Sivi Voz, dzina lotanthauza sitima yotuwa? Anyamata anayi oimba roko amene ankadzaza mabwalo a mpira makolo athu ali achinyamata, kenako n'kupatukana mwadzidzidzi, aliyense n'kumajambula zakezake. Tsono Ognjen anali ndi matenda ake. Ankatola nyimbo zimene anayiwo anaimba atasiyana n'kumazisanja ngati chimbale chimodzi, chimene akanatulutsa akanapanda kukangana.

"Ya Zvonko woimba uja iyambe, ya Bata wa besi itsatire. Mwamva mmene zikuyankhirana? Anthuwa ankasowana, chemwali! Ankangochita manyazi kunena."

"Mwapengadi," anatero Tijana. Koma kachingweko sanakachotse, ndipo basi yake inabwera n'kupita.

Sanamuuze kuti Bata wa besiyo ndi amene ankamudikira kunyumba ndi mphika wa nyemba. Anali atatopa ndi anyamata amene akangomva dzinalo, maso awo amamudumpha n'kukasuzumira kumbuyo kwake. Uyu yekha ankayang'ana iyeyo. Kapena tinene kuti ndi mmene Tijana ankaonera.

Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ognjen nkhope analibe, koma pakamwa, mayo ine! Foni ya Tijana inasiya kupuma.

"Golide wanga, ndapeza nyimbo yachitatu. Ikunena za mtsikana wonunkhira buledi wotentha. Anakuonera kuti anthu amenewa iwe usanabadwe?"

"Bodza! Ikunena za sitima."

"Sitimayo ndiwe. Ine ndine njanji, ndagona pansi, dutsa."

Tijana ankaseka yekha kuseri kwa kauntala mpaka Mayi Radojka, eni bekaleyo, ankamukalipira kuti bureki ikupserera.

Nyengo yotentha yonse anasanja chimbalecho pabenchi ya m'mbali mwa mtsinje, aliyense khutu limodzi. Ankakangana za nyimbo yoyamba, n'kugwirizana, n'kukangananso dala kuti apepesane. Tijana anajambula chikuto chake, sitima yotuwa yopanda woyendetsa. Chinthu chimodzi chokha chinkasowa: nyimbo yotsekera. Iliyonse imene ankayesa, Ognjen ankapukusa mutu.

Tsiku limene Tijana anaulula za bambo ake, Ognjen anagwetsa ayisikilimu pansi.

"Bata? Bata weniweniyo? Tijana, ukufuna kundipha?"

"Usasinthe, chonde."

"Ndisinthe chifukwa cha mkulu wa besi? Mtima wanga, ine ndinakonda iwe ndisanadziwe kuti ndiwe mwana wa yani. Sivi Voz inatha, koma ife sitidzatha. Ndalumbira!"

Ayisikilimu uja Tijana anadzamukumbukira pambuyo pake. Anagwa bwino kwambiri, pa nthawi yake yeniyeni.

Muyenera kudziwa za Bata. Gulu litatha, Zvonko anathamangira kwa maloya n'kulembetsa nyimbo zonse m'dzina lake, ngakhale zimene Bata anapeka yekha m'khitchini mwake. Zimene Bata anajambula pambuyo pake zinangofera m'mashelefu. Koma inalipo imodzi imene sanaijambulepo, kuopa kuti nayonso ingapite. Inali nyimbo ya Smilja, mkazi wake, mayi a Tijana, amene anamwalira mtsikanayo ali kusekondale. Ankaiimba kamodzi pachaka, pa slava, tsiku limene banja lawo limachitira phwando Nikola Woyera, mtetezi wa nyumba yawo.

Ku slava munthu amaitanidwa kamodzi kokha. Ukalowa chaka chino, khomolo ndi lako moyo wonse, ndipo mlendo wa slava sabwezedwa.

"Tata, ndimuitane Ognjen?"

Bata anavula magalasi.

"Wamuyeza bwino, mwanawe? Mawu amenewo akatuluka sabwerera."

"Ndamuyeza, Tata. Amandikonda ine, osati gitala yanu."

"Ndiye abwere. Umuuze kuti ndi tsiku losala, asayembekezere nkhumba."

Ognjen anafika ndi botolo la vinyo ndi maluwa. Anapsompsona Bata katatu m'masaya, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kudya supuni ya tirigu wotsekemera amene mlendo aliyense amalandiridwa naye. Azakhali a Tijana, Mayi Zagorka, anamutsina tsaya n'kunena kuti mphuno yotereyi ndi ya munthu wokhulupirika. Kandulo yaitali inkayaka patsogolo pa chithunzi cha woyera uja.

Nsomba ndi nyemba zitatha, Bata anayendetsa dengu la buledi monga mwa lamulo lake.

"Mafoni onse muno."

Woyamba kuponyamo anali Ognjen. Jekete yokha ndi imene anakana kuvula, ati akumva chimfine.

Bata anatsitsa gitala pakhoma. Mawu ake anali okalamba, osasa, koma m'nyumbamo munangoti zii.

"Smilja, usazime nyali,
sitima yachedwa koma ikubwera."

Tijana anacheuka. Ognjen misozi inali chuchuchu. Anamugwira dzanja pansi pa tebulo, mumtima akuti: uyu ndiye mwamuna wanga, uyu ndiye bambo wa ana anga!

Miyezi iwiri isanathe, m'mawa wina chipale chofewa chikusungunuka m'misewu, Tijana ankatulutsa bureki mu uvuni. Kawailesi ka Mayi Radojka kankalongolola pamwamba pa firiji.

"Anthu a roko, khalani pansi! Chimbale chimene Sivi Voz sinatulutse chafalikira pa intaneti ngati moto wolusa. Ndipo chikutsekedwa ndi nyimbo imene palibe anaimvapo. Imvani!"

Gitala inayamba. Tijana anaima njii. Ayi. Sizingatheke. Kenako mawu analowa, osalala, achinyamata, onyada.

"Smilja, usazime nyali..."

Anali mawu a Zvonko!

Thireyi inagwa pansi kuti phwaa, bureki n'kumwazika mpaka kukhomo.

"Mwana iwe, wapsa?" anakuwa Mayi Radojka.

Tijana sanamve. Zvonko? Dzina la mayi ake m'kamwa mwa Zvonko? Waitenga kuti? Kenako wowulutsa mawu anati mlendo wake ali pompo, ndipo kuseka kumene kunamveka Tijana ankakudziwa bwino. Kunali kuseka kwa pabenchi paja.

"Ayi, Zvonko sanaimbe ndi pakamwa pake," anatero Ognjen. "Ndaphunzitsa kompyuta mawu ake kuchokera m'zimbale zakale. Gitalayo ndi ya Bata yemwe. Ndawabweza pamodzi, achimwene, chimene iwo analephera!"

"Koma nyimboyi munaipeza bwanji?"

"Ndaisaka zaka zambiri. Woyendetsa galimoto wawo wakale anandinong'oneza kuti Bata amaiimba pa slava pokha. Ndiye mukudziwa, ku slava sulowa ngati sunaitanidwe. Ndinafunika kupeza khomo."

"Ndiye khomolo linatseguka bwanji?"

"Chikondi, achimwene! Ndi kudekha pasiteji ya basi."

Onse awiri anaseka.

Zaka zambiri? Iwo anali asanakwanitse ndi chaka chomwe! Tijana anakhala pansi pakati pa bureki, epuloni ili kumaso. Malaya aja. Khutu lija. Ayisikilimu uja. Jekete ya chimfine ija, ndi foni yachiwiri m'thumba mwake! Analira mpaka Mayi Radojka anatseka bekale dzuwa lili pamutu.

Foni inalira. Uthenga.

"Golide wanga, wamva? Tatchuka! Chikuto chako chili paliponse!"

Tijana anamuimbira nthawi yomweyo.

"Unkadziwa kuti ndine ndani tsiku lija?"

Ognjen anangotsokomola.

"Ognjen! Unkadziwa?"

"Poyamba inde, koma mvetsera, mtima wanga, pambuyo pake ndinakukondadi. Zimenezo ndi zoona!"

"Unalira! Ndinakuona ukulira!"

"Nyimboyo ndi yokoma, Tijana! N'chifukwa chake siyenera kufera m'chipinda chodyera. Ndi ya anthu onse. Tsiku lina bambo ako adzandithokoza."

"Ndi ya mayi anga! Ndipo waipereka kwa munthu amene anawabera zonse!"

"Mawu a bambo ako anatha, iwenso ukudziwa. Chimbale cha Sivi Voz chopanda Zvonko si..."

Tijana anadula foni.

Njira ya kunyumba sinatalikepo chonchi. Adzawauza bwanji? Adzayambira pati? Koma atalowa anapeza kuti palibe chowauza. Bata anali atakhala m'khitchini, wailesi ili patsogolo pake, yozimitsa. Khofi anali atazizira m'kapu.

"Tata..."

"Waimba bwino Zvonko," anatero mkuluyo, osakweza maso. "Kale ankafunika maloya. Lero wandilanda osatsegula ndi pakamwa pomwe."

Tijana anagwada n'kuika mutu pamaondo awo.

"Ndine ndinamubweretsa, Tata. Ndinati ndamuyeza."

"Nanenso ndinamuyeza Zvonko, mwanawe. Tinkagona pamphasa imodzi. Dzuka, pansi pakuzizira."

Madzi akatayika saoleka. Pofika nyengo yotentha nyimboyo inali m'mabasi, m'maukwati, m'mafoni a ana asukulu. Onse ankaitchula kuti nyimbo yotayika ya Zvonko. Anyamata oledzera ankakuwa dzina la Smilja m'misewu, osadziwa kuti manda ake ali kuseri kwa phiri lomweli. Mauthenga a Ognjen ankabwerabe, a "njiwa yanga", a "sindikugona", a "ndipatse mphindi imodzi yokha". Tijana sanayankhe ngakhale umodzi. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti nthawi zina, basi ikachedwa, khutu lake linkamusowa.

Slava inafikanso. Kandulo inayatsidwa, alendo anadzaza nyumba. Belu la pakhomo linalira, Tijana n'kukatsegula.

Ognjen! Vinyo kudzanja ili, maluwa kudzanja linalo, atawonda, mphuno yokha ili pomwepo.

"Ndinaitanidwa," anatero motsitsa mawu.

Mayi Zagorka anaponya foloko patebulo.

"Bata, galu ameneyu alowa m'nyumba ya Smilja? Ndigwireni, anthuni, ndingachimwe pa tsiku loyera!"

"Zagorka, khala pansi," anatero Bata. "Lero nyumba si yanga, ndi ya Nikola Woyera. Mlendo alowe."

Tijana anabweretsa thireyi ya tirigu ndi kapu ya madzi, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

"Takulandirani, bambo. Tengani supuni."

"Golide wanga, usanditchule choncho. Ndabwera kudzapepesa. Ndidzachotsa mawu a Zvonko, ndidzalemba dzina la bambo ako, chilichonse chimene..."

"Supuni yogwiritsa ntchito kale ikani m'kapumo, bambo."

Anamukhazika kumapeto kwa tebulo. Anamupatsa nsomba, anamuthirira vinyo, palibe chimene anamumana. Palibenso amene anamulankhula.

Mbale zitachotsedwa, alendo anakhala chete mwachizolowezi. Maso onse anapita pakhoma pamene gitala inali. Dengu la mafoni silinayende. Bata anapinda manja patebulo n'kumayang'ana kandulo.

Alendo anadikira. Mwana wina anafunsa mayi ake kuti agogo aimba liti, n'kutsekedwa pakamwa. Mayi Zagorka anayamba kusisima m'kansalu kawo.

"Bata, m'bale wanga, ngakhale ndime imodzi yokha. Ya Smilja."

Mkuluyo anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Sindikuimvanso ndi mawu anga, Zagorka. Ndikangoiyamba mumtima, amene akuimba ndi uja."

Ognjen nkhope inayera ngati ufa. Anayang'ana gitala, anayang'ana mkuluyo, pakamwa pali yasa. Tsopano ndi pamene anaona chimene anachita.

Tijana anazungulira tebulo n'kuwerama pafupi ndi khutu lake, khutu lomwe lija ankagawana naye nyimbo. Misozi inkatsika, koma mawu ake sananjenjemere.

"Unkasaka nyimbo yotsekera, eti? Ndi imeneyi. Tulutsa foni ija, ujambule."

M'nyumba monse munkangomveka kuthetheka kwa kandulo.