Mtengo Udagona Lende

Gideoni adanyamuka kunkhalango ya paini mochedwa kwambiri tsiku limenelo, midzi ya m'munsi mwa phiri itatseka kale zitseko. Anzake asanu ocheka nawo matabwa adali atapita ndi lole dzuwa likulowa. Iye poti ndiye adali kapitawo adatsala kudikira mlonda kuti amusiyire makina odulira mitengo, ndipo mlondayo adabwera naini koloko akuyenda ngati akupita kuukwati, chinangwa chili kukamwa. Tayala la njinga nalo lidasankha tsiku lomwelo kuphwa. Basi, bambo wa ana anayi, dikoni wathunthu wa mpingo, adakoleka chipewa chake cholimba kuchikwama n'kuuyamba wapansi ulendo wa maola awiri wopita kwawo, kumalire a Dowa ndi Ntchisi.

Koma si njinga imene inkamudya mumtima. Madzulo aja adadula mtengo waukulu m'mphepete mwa kanjira kochokera kudambo. M'malo mogwa pansi, mtengowo udapendama n'kukakodwa m'nthambi za unzake, tsinde litaduka, mutu uli m'mwamba lende. Aliyense wocheka matabwa amaudziwa mtengo wotere. Sugwa pamene inu mukufuna, umagwa pamene wafunira wokha. Adaukankha ndi mphanda, udakana. Chingwe chokokera adali atabwereketsa gulu lina kuseri kwa phiri. Tcheni cha makina nacho chidaduka.

"A Kapitawo, tiusiye, mtengo suopa mdima," adatero Filipo, mmodzi wa anzake aja, akukwera lole. "Mawa seveni koloko tiuthana nawo."

Ndipo Gideoni adavomera. Apa ndiye pochititsa manyazi, chifukwa munthu ameneyu ndi yemwe chaka chatha adapita kumaphunziro a chitetezo pantchito ku Dowa Boma, n'kubwerako ndi chipewa, wenzulo ndi mpukutu wa nsalu yofiira. Ndi yemwe ankawatopetsa anzake m'mawa uliwonse kuti mtengo wokodwa sausiya, ndipo zikakanika umatseka njira, kumanga nsalu yofiira ndi kuuza anthu. Nsaluyo idali m'chikwama chake momwemo. Koma msana unkaphwanya, mimba inkalira, ndipo iye adati mawa ndi tsiku. Zengerezu adalinda kwawukwawu, akulu sadaname.

Udali mwezi wa Juni. Nkhungu idatsika m'phiri n'kukwirira njira, moti tochi ya foni inkangoonetsa mapazi ake okha. Adadutsa minda ya fodya yozula kale, adadutsa chigayo chotseka, agalu awiri adamuuwa n'kumutaya. Atayenda ola ndi theka adafika potsetsereka paja pamene njira imalambalala msitu wa manda isanakafike pamlatho wa matabwa. Dikoni saopa manda, ankatero iye masana. Usiku umenewo adayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndipo mawu ake omwe adamudabwitsa kuchepa kwake.

Kenako adamva mapazi kumbuyo.

Gu... tswa. Gu... tswa.

Adaima. Mapaziwo adaimanso. Adayenda. Adayambanso. Phazi limodzi lolemera, lina lopepuka ngati la munthu wopanda nsapato. Thupi lonse lidachita tsemwe. Adatembenuza foni kuti aunike... foni thi! Kuzima.

"Mwaweruka, a Kapitawo?"

Mawuwo adali ofatsa, a munthu wamkulu, ndipo adachokera pambali pake penipeni. M'kuwala kochepa kwa mwezi wobisika m'nkhungu Gideoni adaona bambo wamtali, wovala ovololo yakale yong'ambika paphewa. Khosi lake lidali lopendekera kumodzi. Tsitsi, nsidze ndi mapewa zidali mbuu ndi utuchi, ndipo ankanunkha utomoni wa paini wongodula kumene. Fungo limenelo lidamukhazikako mtima pansi Gideoni. Ndi mnzathu wa matabwa uyu, adaganiza choncho.

"Ndaweruka, achimwene. Kaya inu mukuchokera gulu liti?"

Mlendoyo adangoyenda naye limodzi. Gu... tswa. Gideoni adaponya diso pansi. Mwendo wakumanja udali ndi jombo. Wakumanzere udali wosavala kanthu, m'chisanu chonsecho.

"Mwausiya uli chiimire," adatero mlendo uja.

"Chiyani?"

"Uja wa panjira ya kudambo."

Mtima wa Gideoni udagunda kamodzi mwamphamvu. Pamalo paja padalibe munthu wina kupatula iwo asanu ndi mmodzi. "Aa, umene uja tiugwetsa mawa m'mawa," adayankha, akuyesa kuseka.

"Mawa..." Mlendoyo adalitafuna liwulo pang'onopang'ono. "Anzathunso adatero. Mawa ndi lachingati, a Kapitawo?"

Gideoni adawerenga masiku mumtima. Lero Lachisanu. Mawa Loweruka! Loweruka ndilo tsiku limene mwini nkhalango amalola amayi a midzi ya kudambo kudzatola nthambi ndi zigwagwa za nkhuni. Ndipo amayiwo sadikira seveni koloko ya munthu. Amalawirira kusanache, kulimbirana nkhuni zouma, ndipo njira yawo ndi imodzi yokha, yodutsa pansi pa mtengo uja. Nthawi yake ndi yomwe mphepo ya m'bandakucha imayamba kugwedeza mapaini.

Adali atafika pamlatho. Madzi ankalira pansi pa matabwa. Mlendoyo adaima pathabwa loyamba, osapitirira.

"Iye amayenda patsogolo," adatero, ndipo mawu ake tsopano adali ngati a munthu wopempha. "Nthawi zonse patsogolo. Khutu lakumanzere silimva. Ukamalira mtengo, iye sadzaumva."

"Ndani ameneyo, achimwene?"

Zii.

Gideoni adacheuka. Padalibe munthu! Nkhungu yokha, ndi msitu wa manda uli bii kumbuyo kwake. Foni idayaka yokha m'dzanja lake. Pathabwa paja padali kamulu ka utuchi, ndi mapazi awiri onyowa... lina la jombo, lina la zala zisanu.

Kwawo kudali pafupi, kungowoloka mlatho n'kukwera kamtunda, ndipo mkazi wake Susana adali atamusungira madzi osamba pamoto. Kubwerera kunkatanthauza kudutsanso manda omwewo, yekha, ola ndi theka kukwera phiri. Adaganiza zoimba foni, koma kudambo sadali kudziwako nambala ya munthu, ndipo mlonda uja foni yake idagwera m'chitsime chaka chatha. Kunena zoona, Gideoni adalira pang'ono. Kenako adapukuta m'maso ndi mkono wa jekete n'kutembenuka.

Podutsa pamanda sadayang'ane kumbali. Mapazi aja adayambanso kumbuyo kwake. Gu... tswa. Gu... tswa. Sadacheuke. Mapaziwo adamuperekeza kudutsa chigayo ndi minda yonse ya fodya, mpaka pamene mapaini amayambira, ndipo agalu aja ulendo uno sadauwe, adangolira n'kulowa pansi pa nkhokwe. Atalowa m'nkhalango mapaziwo adaleka.

Mtengo uja adaupeza momwe adausiyira, uli lende pamwamba pa kanjira, ukulira pang'onopang'ono. Kweee... kweee. Adaulambalala patali, n'kutsika kumunsi kumene amayi amachokera. Adamanga nsalu yofiira kuchoka pamtengo wina kufika pa unzake, n'kukokera nthambi panjira. Atamaliza adayang'ana ntchito yakeyo ndipo adadziseka yekha mowawidwa mtima. Nsalu yofiira mumdima ndani angaione? Nanga nthambi zouma panjira, kwa mayi wofuna nkhuni, si mphatso imeneyo? Adzangozitola n'kupitirira. Choncho adavala chipewa chake, wenzulo m'khosi, n'kukhala pansi pakati pa njira, iye mwini kukhala chotsekera.

Usiku umenewo udatalika. Chisanu chidamulowa m'mafupa, ndipo nthawi iliyonse mtengo ukalira iye ankadzidzimuka. Mantha a mlendo uja adayamba kuchepa, m'malo mwake mudalowa manyazi. Ankaganiza za mmene akadaimira pamaso pa anthu pamaliro, chipewa cha maphunziro chili m'manja, n'kumati tsoka silinunkha, pamene iye tsokalo adalinunkhiza bwinobwino n'kulisiya panjira.

Tambala woyamba adalira kutali. Wachiwiri. Gideoni ayenera kuti adasinza pang'ono, chifukwa adadzidzimuka ndi phokoso la amayi akuseka kumunsi. Kudali kusanayere. Mphepo idali itayamba, nsonga za mapaini zikuwerama. Ndipo patsogolo pa gulu lonse, patali ndithu ndi anzake, pankabwera mayi wochepa thupi, nkhata m'dzanja, chikwanje kukhwapa, akuyenda mwamsanga mutu uli pansi. Sadatsate njira yeniyeni. Adadulira m'mbali mwa chitsa, kuseri kwa nsalu, kumene Gideoni sadatsekeko.

"Mayi, imani!"

Sadamve. Gideoni adaimba wenzulo mpaka makutu ake omwe kuwawa. Amayi akumbuyo adaima. Wapatsogoloyo ayi. Kweee... kweeee... Gideoni adadumpha nthambi, adagwa, adadzuka, adathamanga. Adamugwira dzanja n'kumukokera kumbuyo mwamphamvu, onse awiri n'kugwera m'mayani.

"Inu ndinu ndani wogwira akazi a eni ake mumdima?" adakalipa mayiyo akufufuza chikwanje chake.

Thyo! Nthambi idathyoka m'mwamba. Kenako dziko lonse lidagwedezeka... khuu!

Fumbi, masamba, fungo la utomoni. Thunthu la mtengo lidagona chopingasa panjira, mapazi khumi kuchokera pamene adagwera. Nkhata ya mayi uja idali pansi pake, kansonga kokha kakuonekera. Mayi wina kumbuyo adangokhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

Lole idafika seveni koloko monga adapanganira. Filipo ataona mtengo, nkhata ndi amayi ali duu, adangovula kapusi yake. Gideoni sadakalipire munthu, poti wolakwa woyamba adali iye. Adangowauza anzakewo, amayi onse akumva, kuti kuyambira tsiku limenelo chingwe sichibwereketsedwanso, dzuwa likapendeka sadulanso mtengo waukulu, ndipo Lachisanu lililonse iye mwini adzayendera njira ya kudambo asanaweruke. Ukakodwa mtengo, munthu agona pomwepo mpaka ugwe. Adapepesa kwa amayiwo atagwada, bambo wamkulu ndi ndevu zake.

Anthu atabalalika kukatola nkhuni, mayi uja adatsala. Dzina lake adali Roza, wa zaka za m'ma fifite, wa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Adakhala pachipika pafupi ndi Gideoni, akuchotsa minga ya paini m'chitenje.

"Bambo, mwati mudafika mpaka kumlatho. Chidakubwezani n'chiyani?"

Gideoni adazengereza, koma adafotokoza. Atangoyamba, Roza adatembenuza mutu n'kumupatsa khutu lakumanja. "Nenani mbali ino, linali lidafa kalekale." Gideoni adamva tsemwe lija likubwerera. Adanena za ovololo yong'ambika, za utuchi, za khosi lopendekera, ndi mawu onse amene mlendoyo adayankhula. Manja a Roza adaleka kutola minga.

"Jomboyo idali mwendo uti?"

"Wakumanja. Wakumanzere adali wosavala."

Roza adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale.

"Ndi a Felton amenewo, amuna anga. Ankacheka matabwa kuseri kwa phiri lomweli. Anzawo adasiya mtengo uli lende, osamanga kanthu, osauza munthu, ati tidzaugwetsa mawa. Iwo adalawirira kuntchito n'kudutsa pansi pake. Powasolola, jombo yakumanzere idatsalira pansi pa thunthu." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi. Tidawaika kwawo, pamanda a pamlatho paja."

Gideoni adavula chipewa chake n'kuchiika pamaondo. Roza adayang'ana nkhata yake pansi pa mtengo kwa nthawi yaitali, kenako adaseka pang'ono, misozi ikutsika.

"Ali moyo ankandikalipira tsiku ndi tsiku za kuyenda patsogoloku," adatero. "Ine ndimayesa adasiya."