Mtima wa Atate Ukutsimphina

Uyu ndi Ketilina wa ku Kapata. Ketilina ali ndi makutu aakulu. Amamva zonse, ndi zosamukhudza zomwe. Ketilina akufuna chinthu chimodzi. Akufuna kuti atate ake asafe.

Kwawo kunali wotchi yapakhoma. Wotchiyo inayamba kutsimphina. Pena kuthamanga, pena kuchedwa. Kenako inangoti zii.

"Yafa," anatero atate ake, a Gerson. Anakaitaya kudzala.

Masana ena atate anagona pamphasa. Ketilina anaika mutu pachifuwa pawo. Khutu lija linayamba ntchito yake.

Gu-gu-gu. Kenako gu... gu... gu.

Pena kuthamanga, pena kuchedwa. Mtima wa atate unali kutsimphina.

Ketilina sanadye. Sanasewere. Anapita kudzala. Anaiona wotchi ija ili gada, mvula itainyowetsa. Analira yekha.

M'mawa atate anamanga thumba la mtedza panjinga. Unali ulendo wa ku Mwami. Koma matayala onse anali ophwa. Pampu panalibe.

Anafuna pansi pa bedi. Panalibe. Anafuna kuseri kwa chitseko. Kunalibe.

"Keti, pampu waiona?"

Ketilina anayang'ana zala zakumapazi. Makutu aja anaiwala kumva.

"Keti."

"Atate, musapite. Zitunda zikakuphani. Mtima wanu ukutsimphina ngati wotchi ija. Adzakutayani kudzala."

Atate anakhala pansi.

Pafupi pamakhala amake Abel, anesi a kuchipatala. Nawonso makutu awo si aang'ono. Anabwera atanyamula tsache.

"Bwera kuno, iwe dokotala wa nkhuku," anatero. Anaika zala za Ketilina pamkono wa atate. "Apa pali mtsempha wa magazi. Wamva?"

"Ndamva."

"A Gerson, kokani mpweya." Mtsempha unafulumira.

"Tulutsani." Mtsempha unachedwa.

"Tsopano gwira wako."

Ketilina anagwira. Anakoka mpweya. Anatulutsa. Pena kuthamanga, pena kuchedwa. Analira koposa.

"Nanenso ndikutsimphina. Ndiye tonse tikupita kudzala?"

Amake Abel anaseka mpaka tsache linagwa. "Dzala lake lokwana Kapata yense lili kuti? Mtima si wotchi, mwanawe. Mtima wabwino umamvera mpweya. Umasinthasintha."

"Mtimawo sukufa?"

"Sukufa. Kanikiza apa. Mtsempha wa atate ako ndi wofewa. Uli ngati chubu chatsopano. Magazi akuyenda bwino. Njinga imene waiphwetsayi ndiyo ikuwathandiza."

Ketilina anapukuta mamina. Anakwawira m'khola la nkhuku. Anatuluka ndi pampu. Inali ndi zitosi. Iyenso anali ndi zitosi.

"Wophwetsa ndiye wopopa," anatero atate.

Ketilina anapopa. Anapopa. Anapopa. Mtima wake unathamanga.

Ananyamuka onse awiri. Mtedza kumbuyo, Ketilina kutsogolo. Khutu lija linali pachifuwa pa atate.

"Atate, ukutsimphinabe."

"Usiye utsimphine, mwanangu. Utifikitsa ku Mwami."