Khosi la Eveles

Lole ya chipani itaima pa Salima, ana onse ovina anatsika, koma Eveles analephera. Khosi lake linali litapindikira kumbuyo, maso ali m'mwamba, lilime lili panja.

"Mayo ine, ziwanda!" anakuwa mayi wina. Ena ankanong'ona kuti amulodza kwawo ku Khombedza chifukwa ndiye ankatsogolera nyimbo.

Amene ankadziwa zoona anali Janet, mkulu wake. Eveles anali wosanza m'galimoto chibadwire, ndipo tsikulo anavala nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Kusanzira nkhope imeneyo, kalanga ine, banja lonse likadaona zakuda! Ndiye m'mawa Janet anaba mapiritsi oletsa kusanza a alamu ake oyembekezera, n'kumumwetsa mwanayo atatu. Ankati akachuluka ndiye agwira bwino.

Kuchipatala adokotala anamugwira Eveles pamphumi. Thupi silinali lotentha.

"Mwanayu wamwa chiyani?" anafunsa.

Apampando a chipani anali chiimire pakhomo, ndipo Janet anaopa kuulula pamaso pawo. Adokotala anauza namwino kuti akonze singano ya kumsana, poti mwina ndi matenda oumitsa khosi. Eveles anayesa kuitana mkulu wake, koma kunangotuluka dovu.

"Ndine, adokotala," anatero Janet akulira, uku akutulutsa kathumba ka mapiritsi. "Ndam'patsa awa."

Adokotala anawerenga dzina la mankhwalawo, n'kusintha jakisoni msangamsanga. Pasanapite nthawi khosi lija linayamba kufewa, lilime n'kubwerera m'kamwa.

"Mvetsera, mwana iwe," anatero adokotala. "Mankhwalawa amakatontholetsa mseru muubongo, koma mwa ana amatha kukoka minofu chonchi, ngakhale piritsi limodzi. N'chifukwa chake timayamba tamuyeza mwana pasikelo. Zikadafika pakholingo, bwenzi tikunena zina."

Apampando anangopukusa mutu n'kubwerera kugule.

Masana Eveles anadzuka, nati ali ndi ludzu. Janet anathamanga kukatunga madzi, nagwada pambali pa bedi.

"Imwa, mng'ono wanga."

Eveles anayang'anitsitsa m'kapumo, kenaka anayang'ana mkulu wake.

"Mwaikamo chiyani, achemwali?"

"Palibe, ndi madzi okha."

Mwanayo anatembenukira kukhoma. Anamwa pokhapokha namwino atabweretsa kapu ina. Janet anatsala chogwada ndi madzi ake m'manja, ndipo zinamupweteka kuposa kumenyedwa.