Sailini ya Bwalo la Kenzhal

Bwalo la ayezi la mumzinda wa Kenzhal linatsekedwa mu Malichi 2011. Amene anazimitsa makina oziziritsa anali Zhanbolat, bambo amene anakalambira pa ntchito yothira madzi pabwalopo.

Bwaloli analimanga okha anthu a mumgodi wa mkuwa. Matimu a hoke, mpira wa ndodo wosewera pa ayezi, analipo awiri, ya mumgodi ndi ya kung'anjo yosungunulira mkuwa, ndipo sankamwerana madzi. Komabe chaka chilichonse, makina asanazimitsidwe, ankasakanikirana n'kusewera masewera otsanzikira ayezi. Zigoli sankawerenga. Ankangosewera mpaka wothira madzi ataliza sailini, lipenga lamagetsi lothetsera masewera. Ikalira, onse ankagogoda pansi ndi ndodo zawo, aliyense n'kulowera kwawo.

Mgodi utatsekedwa, anyamata anabalalika kukafuna ntchito. Matimu awiri anasanduka imodzi, imodziyo inasanduka anthu osakwana n'komwe. Chaka chomalizacho sipanapezeke wobwera kudzatsanzika. Zhanbolat anaona kuti kuliza sailini m'bwalo lopanda munthu n'kudziseketsa. Anangozimitsa makina, natseka chitseko.

Madzulo ena, ayezi atasungunuka kale, ali kumwa tiyi wamkaka, anakumbukira kuti anasiyako paipi yake yothirira madzi.

"Madala, mukukalira maliro a madzi?" anafunsa mkazi wake, Raushan.

"Ndikukatenga paipi, akuba asanandithandize."

"Pitani kwa mkazi wanu wamkuluyo. Ine ndi wachiwiri, ndinazolowera."

Kunja kunali matope okhaokha. Magetsi a m'bwalomo anali atadulidwa, choncho analowa ndi tochi. Pansi panali simenti ndi zithaphwi. Paipi anaipeza, nayamba kuikulunga.

Kenaka paipiyo inauma m'manja mwake. Mpweya wa m'kamwa mwake unayamba kuoneka ngati utsi. Kumbuyo kwake kunamveka phokoso limene ankalidziwa kuposa mawu a mkazi wake: mpeni wa kunsi kwa nsapato yoseweretsa hoke ukudula ayezi. Wina unatsatira. Kampira kanagunda thabwa la m'mphepete, gu!

Anatembenuka. Bwalo lonse linali mbuu ndi ayezi. Anthu ankathamangitsana mumdima, ena m'malaya akuda a mumgodi, ena m'ofiira a kung'anjo. Panalibe wofuula.

Zhanbolat sanali munthu wokhulupirira za mizukwa, ndipo amene anawaonawo sanali akufa. Wina anali Arkadiy, woyendetsa lole ku Omsk. Goloboyi anali mnyamata amene amagulitsa matayala ku Karaganda. Onse maso ali chitsinzinire, thukuta lili kamukamu. Anaunika wina amene ankabwera motsatira thabwa, ndipo tochi inam'pulumuka. Anali Nurzhas, mwana wake, mmisiri womanga nyumba ku Astana, amene analankhula naye pafoni Lamlungu lomwelo.

Nurzhas sanaime. Podutsa anangoti, "Ababa, lizani. Tatopa."

Zhanbolat anathamangira m'kachipinda ka sailini. Anadina batani. Zii. Anadinanso, mpaka chala chinachita dzanzi. Anatuluka n'kuyamba kumenya chitsulo ndi sipanala. Anaimba likhweru. Anafuula kuti masewera atha, aliyense azipita kwawo. Palibe amene anacheuka. Mwana wake anadutsanso, mwendo umodzi akuukoka.

Raushan anam'peza m'bandakucha atakhala pa benchi ya osewera, ndevu zitagwira ayezi. Pansi panali simenti ndi zithaphwi.

Zhanbolat anaimbira foni ku Astana. Anayankha ndi mkazi wa Nurzhas.

"Apongozi, mwana wanuyu sindikumumvetsa. Amagona bwinobwino, koma usiku wonse miyendo ili kupalasa. Akadzuka amakhala ngati wasenza njerwa mpaka kucha. Mapazi ake ndiye musakhudze, kuzizira."

Zhanbolat anapita kukhonsolo kukapempha magetsi a tsiku limodzi lokha. Kalaliki anamuuza kuti achedwa: mawaya anali atazulidwa kale ndi ogula zitsulo zakutha, ndipo sailini inapita nawo limodzi. Anaifunafuna m'malo onse ogulitsira zitsulo. Wogulitsa wina anamuuza kuti inapita ndi lole imene inali itanyamuka dzulo lake. Anabwereka sailini ya kusukulu ndi jenereta, naliza usiku wathunthu mpaka agalu a mumzinda monse anauwa. Osewera aja sanamve. Sinali yawo.

Nkhaniyi sanaiuze anthu ambiri, koma m'sitolo ya buledi amayi anayamba kufunsana chapansipansi za ana awo a kutali. Onse mayankho anali amodzi: wawonda, sakugona bwino, madokotala sakupeza kanthu. Chilimwe chisanathe, mtembo wa Arkadiy unabwera kuchokera ku Omsk. Anati mtima unangoima ali m'tulo. Usiku umenewo Zhanbolat anapita kubwalo, ndipo Arkadiy anali momwemo, akusewera.

Nurzhas anasiya ntchito chifukwa miyendo sinkamunyamulanso. Bwalo likadalipo, denga likudontha, ndipo wolifuna sanapezeke. Zhanbolat amapitako madzulo alionse kukakhala pa benchi, kuti mwana wake akamadutsa asamapeze palibe munthu.