Madisiki Atatu a Samuel

Samuel ankajambula mavidiyo a maukwati ku Ndirande, koma kompyuta yake inali yotheratu. Vidiyo imodzi inkatha kukonzedwa eni ukwati atayamba kale kukangana. Mnzake Fadili wa ku Chitawira anali ndi kompyuta yothamanga kwambiri, ya madisiki angapo osungira mavidiyo, olumikizana ndi ogwira ntchito ngati imodzi, ndipo makasitomala onse ankathamangira komweko. Samuel akamuona, mtima unkamuwawa.

Tsiku lina anakwera minibasi kupita kwa sing'anga wina ku Machinjiri, kuti akamuthandize kupeza madisiki ngati a Fadili.

"Mukufuna madisiki angati?" anafunsa sing'angayo.

"Atatu, bambo."

"Nanga kunyumba kwanu kuli anthu angati, kupatula inu?"

"Atatu. Mayi anga, mkazi wanga Petronela, ndi mwana wathu Bernadeta."

"Ndiye zakwana. Ndalama zibwera. Mukagula, disiki iliyonse muipake mafuta awa, mutchule dzina la munthu mmodzi. Kuti inu mufulumire, wina ayenera kuchedwa."

"Afa?"

"Ndatchula maliro ine?"

Ndalama zinabweradi. Samuel anagula madisikiwo, nachita zomwe anauzidwa. Vidiyo ya ukwati wa Loweruka inkatuluka Lolemba. Anasamukira ku Nancholi, m'nyumba ya mpanda.

Oyamba kuchedwa anali mayi ake. Ukawafunsa m'mawa, ankayankha masana. Petronela ankaima pampopi, madzi akusefukira m'ndowa, iye akungoyang'ana. Bernadeta, amene ankakhoza bwino kusukulu, ankaweruka asanamalize kulemba dzina lake. Kuchipatala sanapeze nthenda. Samuel ankaziona zonsezi, koma mumtima munalibe kanthu. Ankangotseka chitseko n'kupitiriza ntchito.

Kenako disiki imodzi inayamba kulira tiki-tiki, n'kusiya. Tsiku lomwelo mayi ake anakhala pampando wa pakhonde, osadzukanso. Kompyuta inakana kutsegula.

Maliro atatha, anainyamula kupita nayo kwa Fadili.

"Achimwene, madisiki awa munawalumikiza mofuna liwiro lokha," anatero Fadili. "Vidiyo iliyonse inkagawidwa zidutswa, china uku, china uko. Imodzi ikafa, zotsalazo zilibe ntchito. Munasunganso kwina?"

"Ayi."

"Ndiye maukwati onse apita. Ine njira imeneyi ndinaisiya kale, siyenerana ndi mtengo wake. Kudikira pang'ono sikupha munthu."

Samuel atafika kunyumba, anapeza Petronela ndi Bernadeta atakhala pabalaza. Ankapuma, ankaphethira, koma sanamudziwe. Panja makasitomala ankamenya geti, kufuna mavidiyo awo. Samuel anatulukira kuseri, ulendo wa ku Machinjiri.

"Gulani disiki ina," anatero sing'anga uja osamuyang'ana n'komwe. "Mubweretse ndi dzina lina."

"Ndilibenso munthu."

"Inuyo si munthu?"

Samuel anagula disiki, naipaka mafuta, n'kutchula dzina lake. Palibe chomwe chinabwerera. Nyumba inagulitsidwa, ndipo achibale a Petronela anabwera kudzatenga iye ndi mwana.

Lero Samuel amakhala pansi pafupi ndi msika wa Ndirande. Sapempha, salira. Ukamupatsa moni, amakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kuyankha iwe utafika kale kwanu.

Dyera limafuna zonse lero lomwe, koma chuma chothamangitsa ndi zizimba chimalipidwa ndi anthu a m'nyumba mwako. Bola kuchedwa uli ndi abale ako kusiyana ndi kufulumira n'kufika wekha.